Chipewa cha a Celestino

Lolemba, 13 Malichi 1978

Lero mutu wabwerera m'malo mwake. A Hilário, namwino wa chipinda chathu cha amayi, andipatsa kope ili ndi pensulo kuti ndizilembamo za matenda anga, poti amva kuti ndinaphunzitsako ana pa mishoni boma lisanatenge masukulu. Ndalandira ndi manja awiri, koma masiku ano munthu wa chipani sangokupatsa kope chifukwa chokukonda. Ngati akufuna kudzawerenga, adzawerenge.

Ndine Lucrécia wa ku Majaua, mkazi wa a Celestino. Mwendo wamanzere unathyoka m'munsi mwa bondo, ndipo pa katumba pali bala lalikulu lobayidwa ndi chitsa. Aumanga ndi matabwa awiri. Chikhakha akuti sangaike bala lisanatseke. Jakisoni wa penisilini m'mawa ndi madzulo. Bala amatsuka ndi madzi owiritsa amchere, ndipo akamatsuka ndimaitana makolo anga onse.

Akuti ndagona pano kuposa sabata ndikungobwebweta. Zimene ndikukumbuka ndi izi. Lachisanu lija ndinapita kudimba ndi mwana wanga Angélica kukachotsa maungu, poti mvula inali itagwa masiku ambiri kumapiri. Madzi sanakwere pang'onopang'ono monga achitira zaka zonse. Tinangomva mkokomo kumtunda, potembenuka n'kuona mitengo ikubwera choimirira. Angélica anali wotopa, mwezi wake utayandikira, sakanatha kuthamanga. Ndinamukankhira pa chulu pamene pali mkuyu, ndinamuona atakumbatira mtengowo, kenako madzi anandinyamula. Anandipeza ndi anthu achilendo kutali kumunsi nditakodwa m'nsungwi, ndipo lole ya asilikali inandibweretsa kuno ku Milange.

Ngati madzi anapitirira chulucho, sindikudziwa. Ndi chokhacho chimene ndikufuna kudziwa.

Lachiwiri, 14 Malichi

Thupi likutentha pang'ono. Phala la mgaiwa lopanda shuga.

A Hilário akuti tsiku limene ndinafika ndinatsitsimuka pang'ono n'kutchula dzina langa ndi mudzi, ndipo iwo anatumiza uthenga ndi woyendetsa lole uja. Ngati zili choncho, abale anga ali kuti? A Celestino ali ndi njinga. Munthu amene mkazi wake ali m'chipatala ndipo sakubwera, ndiye kuti kumudzi kuli chimene chamugwira miyendo. Ndawakakamiza a Hilário, ndipo atumizanso uthenga ndi munthu wa njinga wogulitsa fodya.

Pa khoma moyang'anana ndi bedi langa pali malo oyera ooneka ngati mtanda, pamene panali popachika mtanda masisitere asanachoke. Msomali ulipobe. Ndayesa kunena Atate Athu chamumtima. Ndinafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" n'kuima. Sindinganene mawu amenewo ndisanadziwe chimene anafuna pa chulu paja.

Lachinayi, 16 Malichi

Dokotala, mzungu wa dziko lina wolankhula Chipwitikizi chothyoka ngati mwendo wangawu, amabwera Lachinayi lokha. Wanunkhiza bala, wakwinya nkhope, wawonjezera jakisoni.

Ndilembeko za mnansi wanga wa bedi la kudzanja lamanja. Dzina lake ndi a Januária, Mlomwe wa cha ku Gurué, anathyoka nthiti. Akuti anabwera kuno ndi amuna awo a Nicolau kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo mvula yomweyi inagumula phiri n'kukwirira nyumba yawo, amuna awo ndi ana awiri ali m'kati. Iwo anali atapita kukamangirira mbuzi. Amafotokoza zimenezi ngati akunena za mtengo wa mchere. M'mawa amayimba motsitsa mawu, masana amawerenga kolona pa zala pansi pa bulangete, phala likabwera amathokoza ngati kwabwera nyama.

Ine sindikuwakhulupirira. Woferedwa amaoneka. Kwathu kuno, Mnyanja kapena Mlomwe, maliro akatha abale amameta, koma mayiwa tsitsi lili bii, lopotana mpaka m'khosi. Mwina nkhani ya phiriyo ndi yoona, mwina anawaika pano kuti azimvetsera amene akupemphera n'kukanena kwa akuluakulu. Akandilankhula ndimayankha za nyengo.

Lachisanu, 17 Malichi

Abwera, a Celestino ndi mlongo wawo Rita.

Ndilembe zonse bwinobwino, chifukwa pali zambiri zosayenda. A Celestino anaima pakhomo nthawi yaitali ngati mlendo woopa agalu. Atayandikira sanandipatse dzanja. Anayamba akhudza phazi langa labwinoli ndi chala chimodzi, kenako n'kuligwira ndi manja onse awiri. Rita anachita chizindikiro cha mtanda poyera, a Hilário ali pomwepo. Anabweretsa chinangwa chophika, ndipo onse awiri anandiyang'anitsitsa pakamwa mpaka nditameza, ngati sanaonepo munthu akudya.

Ndinafunsa za Angélica. A Celestino anati ali bwino, amuna a m'mudzi anamutsitsa mumkuyu ndi chingwe m'mawa mwake, ndipo patapita masiku pang'ono anachira, mwana wamkazi. Sanabwere chifukwa ali m'chikuta. Mawu okoma. Ndinafunsa dzina la mwana. A Celestino anayang'ana Rita, Rita anayang'ana pansi, kenako onse awiri anayankha pamodzi kuti sanatchule. Ndinafunsa chimene anachedwera, anati uthenga woyamba sunafike chifukwa mlatho unapita ndi madzi.

Tsopano chachikulu. A Celestino ndi munthu amene amavula chipewa ngakhale akungodutsa pafupi ndi tchalitchi. Lero alowa m'chipinda cha odwala, akhala mpaka belu, anong'oneza pemphero pamutu panga, chipewa chili pamutu, chokokera mpaka m'makutu. Rita naye wamanga duku mothina, osaonetsa ndi tsitsi limodzi lomwe. Ndipo dukulo ndi langa, lobiriwira lija ndimasunga m'bokosi.

Ine si mwana. Kwathu wodwala sauzidwa maliro, amati mtima ungaduke. Apongozi anga ali chigonere mchimwene wawo atamwalira, amene ankatumidwa kukawaseketsa ndinali ine, poti maso anga sachedwa kuuma. Ntchitoyi ndimaidziwa kuposa iwo.

Loweruka, 18 Malichi

A Celestino ndi Rita akugona kwa mbale wina m'tauni. Rita ndiye akhale wondidwazika.

Ndawayesa ndi zinthu zing'onozing'ono. Ndapempha kapulana yanga, nsalu yoyera yopitira ku Misa, akuti inanyowa n'kuchita nkhungu. Nyumba yathu ili pamtunda, madzi sanafikeko, inanyowa bwanji m'bokosi? Ndafunsa za nthochi yanga ya kuseri kwa nyumba, imene mkoko wake unali utatsala pang'ono kukhwima. A Celestino akuti inagwa ndi mphepo, Rita akutsamwa ndi malovu ake omwe. Anthu awa ngakhale bodza la nthochi likuwakanika.

Lamulungu la Kanjedza, 19 Malichi

Kunja kulibe belu, kulibe kanjedza. A Januária anathyola tsamba la udzu wa pa tsache n'kuliika pa msomali uja a Hilário atatuluka. Atabwerera analiona, analisiya pomwepo. Ndiye kuti awiriwa ndi amodzi, kapena a Hilário akusunga mlandu.

Mafinya achuluka. Mwendo ukugunda ngati muli mtima wina.

Lolemba, 20 Malichi

Masana ndinatseka maso ngati ndagona. Rita anasendera kwa a Januária n'kuyamba kunong'ona m'Chilomwe mothamanga, podziwa kuti changa n'chopereŵera. Ananong'ona nthawi yaitali. Kenako a Januária anaseka. Anaseka mpaka kugwira nthiti zawo zothyokazo, misozi ikutuluka, Rita akuwatseka pakamwa.

Mtima wanga unawira. Mwana wanga ali m'dothi, wina n'kumaseka pambali panga. Munthu amene amaseka maliro a mnzake, ake omwe sanawalire. Chinangwa cha madzulo ndinachikankhira pansi.

Lachitatu, 22 Malichi

Dzulo sindinalembe, thupi linali moto. Andipatsa kolorokwini poganizira malungo.

Lero a Celestino anaŵerama kuti andikonzere pilo. Ndinatenga ndodo imene a Hilário anandipatsa yogogodera pansi ndikafuna thandizo, n'kukankha chipewa. Chinagubuduka mpaka pansi pa bedi la a Januária. Mutu uli mbee, tsitsi langoyamba kumera ngati mapira a masiku atatu.

Ndinati, "Bambo a Angélica, mwametera ndani?"

Anati nsabwe.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndagona nawo mphasa imodzi, lero akundiuza za nsabwe. Ndinawauza kuti ngati ndi nsabwe, Rita naye avule duku tione ngati zinadumphira kwa iye. Rita anathawira panja. A Celestino anagwada pambali pa bedi, analumbira pa ubatizo wawo kuti Angélica ali moyo, koma za kumetako akuluakulu a kumudzi anawaletsa kunena mpaka nditaimirira ndi miyendo yanga. Ndinawauza kuti nanenso ndinalumbirapo chimodzimodzi kwa amayi awo.

"Ngati ali moyo, kamutengeni ndimuone. Mukapanda kutero, pakamwa panga sipalowanso kanthu."

Anati mwana ndi wakhanda, njira ndi yoipa, ndipo pafunika giya, chikalata chija cha ulendo chimene mlembi wa chipani amapereka akafuna. Ndinatembenukira kukhoma. Anatola chipewa chawo, koma sanachivalenso. Anyamuka masana omwe ano.

Lachinayi Loyera, 23 Malichi

Dokotala watsegulanso bala. Anandigwira anthu atatu. Watulutsa kachidutswa ka mtengo kotalika ngati chala cha mwana, kamene kanatsalira m'kati, ndipo akuti ndiko kankabweretsa mafinya. Waika nsalu yothira mankhwala m'balamo. Akuti ndikapanda kudya, penisilini yekha sangathandize, ndipo mwendo ungafunike kudula.

Sindinadye.

Lachisanu Loyera, 24 Malichi



Rita amangolira pakhonde, akuopa kulowa. Masana a Januária anatsika pa bedi lawo, chogwira nthiti, n'kudzakhala pa langa ndi mbale ya phala. Ndinawauza kuti lero ndi tsiku losala. Anati ine ndinayamba kusala Yesu asanagwidwe n'komwe.

Ndinawafunsa maso ndi maso chimene Rita anawauza. Anati anawalumbiritsa, koma mwana wanga ali moyo. Ndinati aliyense anganene zimenezo. Ndiye ndinawatsanulira zonse zimene ndasunga: kuti anaseka maliro anga, kuti mtendere wawowo ndi wa munthu amene sanataye kanthu, kuti woferedwa weniweni sakhala ndi tsitsi lotere. Ndinanena mokweza kuti chipinda chonse chimve.

Anagwira tsitsi lawo ngati aliiwala kuti lilipo. Anati, "Andimete ndani, amayi? Kuno ndinali ndi anthu atatu. Onse ali pansi pa phiri."

Ndinasowa poyang'ana.

Anapitiriza kutakasa phala. Anati mtendere umene ndikuwachitira nsanjewo alibe wokwana tsiku lonse. Amaupempha m'mawa, pofika masana watha, n'kukapemphanso, monga madzi a pachitsime. Tsiku lina amabwerako chimanjamanja, ndipo tsiku limenelo ndi limene amayimba kwambiri.

Anayamba Atate Athu motsitsa mawu, ine n'kumatsatira. Titafika pa mawu aja ndinatseka pakamwa. Iwo anandiyang'ana, ananena okha, n'kudikira kuti ndilowenso pa chakudya chathu chalero. Pamenepo anandiika sipuni pakamwa. Ndinameza masipuni angapo, ndi manyazi omwe.

Loweruka Loyera

Kutentha kwatsika. Phala theka. Tulo.

Pasaka, 26 Malichi

Kulibe Misa, ansembe saloledwa kulowa muno. Amayi a bedi la pakona, a mpingo wina, anayamba nyimbo ya kuuka ndi mphuno, ena n'kulandira. A Hilário anabwera ndi jakisoni, anaima pakhomo, anati aiwala thonje, ndipo thonjelo analifuna mpaka nyimbo itatha.

Ndaganiza zambiri. Chiyambire kutsitsimuka ndakhala wapolisi, kufufuza zipewa, maduku ndi nthochi, ndipo Mulungu ndinamuika pa mndandanda womwewo wa oganiziridwa. Ndatopa. Angélica ndinamukankhira pa chulu ndi manja angawa, pamenepo ndi pamene mphamvu zanga zinathera. Zimene zinachitika nditapita ndi madzi sindinazione, ndipo kusadya kwanga sikungazisinthe. Ngati ali moyo, ali m'manja mwa Mulungu. Ngati anapita, ali m'manja momwemo.

Ndanena pemphero lonse, ndi mawu aja omwe. Anatuluka owuma ngati chinangwa cha dzana, koma anatuluka. Kenako ndinalira mwana wanga monga alirira mayi, osabisa, a Januária atandigwira dzanja n'kumangobwereza kuti ali moyo. Sindinawatsutse, ndipo sindinawakhulupirire.

Sindinganene kuti ndasangalala. Koma masana ano ndagona tulo toyamba topanda mkokomo wa madzi m'makutu.

Lachiwiri, 28 Malichi

Bala layamba kufiira bwino m'mbali, mafinya achepa. Nyemba ndi mpunga, ndamaliza mbale.

Ndamuitana Rita kuti asiye kubisala pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Ndamuuza kuti duku langalo asunge, limamukhala. Wayambanso kulira. Mkazi ameneyu akanakhala kuti ndi amene anatumidwa kwa apongozi anga chaka chija, akanaulula asanakhale n'komwe pansi.

Lachinayi, 30 Malichi

Dokotala wakondwa. Mwendo sadula. Sabata yamawa chikhakha.

A Celestino zii. Maganizo akale amabwerabe, makamaka dzuwa likapendeka. Ndimawerengera kuti munthu wa njinga akanafika kale n'kubwerera, ndiye kuti akusowa chobwera nacho. Ndikayamba choncho ndimauza a Januária kuti mtsuko wauma, iwo n'kutulutsa zala pansi pa bulangete, tiyambe kolona. Lero ndi iwo amene anandiuza kuti wawo wauma.

Nthiti zawo zikupola. Akuti akatuluka sadziwa kolowera, kwawo ku Gurué makolo anatha kale.

Lamulungu, 2 Epulo

Palibe chatsopano. Jakisoni watsala wa m'mawa wokha. Matako anga athokoza.

Lachiwiri, 4 Epulo

Ndilembe pang'onopang'ono, mwina ndikhulupirira ndikaziona pa pepala.

Dzuwa lili pamutu ndinali kusenda mbatata imene Rita anaphika. Ndinamva khanda likulira pakhonde, sindinalabadire, muno makanda amalira tsiku lonse. Kenako pakhomo panaima a Celestino, chipewa chili m'manja, ndipo kumbuyo kwawo mtsikana woonda, fumbi mpaka m'maondo, mwana ali pachifuwa.

Ndinachita zomwe zija ndinawaseka nazo a Celestino. Sindinamupatse dzanja. Ndinamukhudza ndi chala chimodzi pa tsaya, kenako ndinamugwira ndi manja onse. Za pambuyo pake sindingazilembe, a Hilário akuti anamva ali ku nyumba ya mankhwala.

Mtima utakhala pansi ndinaona kuti nayenso wamanga duku mothina. Ndinalikoka. Mutu wometa.

Ndinati, "Nanga ngati iwe uli pano, bambo ako ali pano, mwana ali pano, mwametera ndani?"

A Celestino anayamba kunena za akuluakulu, koma Angélica sanawayang'ane n'komwe. Anati, "Tinametera inu, amayi."

Nkhani yake ndi iyi. Angélica ali mumkuyu anandiona ndikumira, ndikutuluka, ndikumiranso, mpaka osandionanso. Amuna anafufuza m'mbali mwa mtsinje masiku angapo, anangopeza mpango wanga pa minga. Uthenga wa a Hilário unathera pa mlatho wogumuka. Ndiye anachita monga tichitira munthu akapita ndi madzi osapezeka: anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu yanga, analiika m'manda. Nthochi yake ndi yanga ija ya kuseri kwa nyumba, ndi mkoko wake womwe, ati kuti ikhale ya pakhomo. Nsalu yake ndi kapulana yanga ya ku Misa. A Venâncio, katekisiti wathu, anatsogolera mapemphero motsitsa mawu, anazika mtanda wolembedwa dzina langa, anthu anameta, katundu wanga anagawana. Wogulitsa fodya uja atafika ndi uthenga wachiwiri, akuti amayi ena anathawira m'chimanga.

Akuluakulu anagamula kuti ndisauzidwe. Kuuza wodwala kuti manda ake alipo kale, ati n'kumuonetsa njira. Anati ayambe afukula nthochiyo, akwirire dzenje, ine ndiimirire, ndiye ndimve. Tsono anthu anga ankandibisira maliro, monga ndinaganizira, koma maliro ake anali anga.

Ndinafunsa ngati anthu anabwera ambiri. A Celestino anati tchalitchi chonse, ndi a mipingo ina omwe. Ndinafunsa ngati iwo analira. Angélica anati anachita kuwagwira kuti asagwere m'dzenje. Bambowo anangoyang'ana chipewa chawo. Ndinaseka mpaka bala linandikumbutsa kuti lilipo, ndipo ndinamvetsa chimene chinaseketsa a Januária tsiku lija.

Dzina la mwana analitchula kalekale, pa tsiku lometa. Ndi Lucrécia. Anati dzina lisapite ndi madzi. Tsopano tilipo awiri, ndipo wamng'onoyu mkwiyo wake ndi wanga ndithu.

Lachitatu, 5 Epulo

Dzulo m'chisangalalo chonse chija ndinatembenuka kuti ndionetse a Januária mwana. Anamulandira, anamunyamula bwino, anamuyimbira kanyimbo ka Chilomwe. Atandibwezera anagona chotembenukira kukhoma, ndipo chakudya cha madzulo sanachikhudze. Lero m'mawa sanayimbe.

Ine anandilira mudzi wonse ndili moyo, anandiphera nthochi ndi kapulana. A Nicolau ndi ana awo awiri anapitadi, ndipo palibe amene anawazikira ndi kamtengo komwe.

Ndawauza a Celestino kuti nthochi afukule monga anenera akuluakulu, koma mtanda asautaye. Aupale dzina langa, a Venâncio alembepo maina atatu, auzike pa malo ena m'manda athu. Anayamba kunena kuti akuluakulu angadabwe, poti anthuwo si a m'mudzi mwathu. Ndinawakumbutsa kuti akulankhula ndi munthu amene anamuika m'manda osamufunsa. Avomera. Ndawauzanso kuti a Januária akatuluka apita nafe ku Majaua, kudimba kukufunika manja, ndipo ine ndi mwendo uwu sindilima chaka chino.

A Januária nditawauza anangoti aganize. Maina anandipatsa: Nicolau, Dinis, ndi wamng'ono Fátima.

Lachinayi, 6 Epulo

Chikhakha aika, kuyambira pa phazi mpaka pamwamba pa bondo, ndi kazenera pa bala. Cholemera ngati mtondo. Ndodo zoyendera mawa.

Dokotala atapita ndinaitana a Hilário n'kupempha lezala ndi sopo. Anafunsa za chiyani. Ndinawauza zoona, poti ndatopa ndi zobisa. Ndinayembekeza kumva kuti zimenezo ndi miyambo yachikale imene chipani chinathetsa. Anapita n'kubwera ndi lezala latsopano, lumo ndi beseni la madzi ofunda. Anatseka chitseko, iwo n'kuima kunja. Kope ili sanalipemphepo ndi tsiku limodzi lomwe.

A Januária anakhala pansi pambali pa bedi langa, msana atatsamira chikhakha. Ndinati, "Achemwali, ine si wa mtundu wanu, koma ndine munthu woti anandimetera kale. Mundilola?"

Anangoŵeramitsa mutu.

Angélica anagwira beseni, Rita anayala nsalu yolandirira tsitsi. Ndinayamba ndi lumo chifukwa linali litapotana kwambiri, ndipo m'kati mwake, pafupi ndi khungu, munali dothi lofiira la phiri lija. Nditaliona ndinaima kaye. Kenako ndinapaka sopo n'kumeta kuyambira pamphumi, ndikutchula maina atatu aja limodzilimodzi. Pa Nicolau anali chete. Pa Dinis mapewa anayamba kugwedezeka. Pa Fátima analira kulira kumene sindinakumvepo chilowere muno, ndipo amayi onse a m'chipindamo, ndi a mpingo wina aja, analandira maliro monga tichitira kumudzi. Palibe anabwera kudzatiletsa.

Nditamaliza Rita anavula duku lobiriwira lija n'kuwamanga nalo, iye n'kutsala ndi mutu wake wa mapira poyera. A Hilário analowa, anatenga tsitsi m'nsalu muja kuti akalikwirire, anandifunsa motsitsa mawu ngati pansi pa mtengo wa mango wa kuseri pali bwino. Ndinati pali bwino.

Tisanadye tinayamba Atate Athu. Titafika pa mawu aja a Januária anatseka pakamwa. Ndinawanenera ine, n'kudikira kuti alowenso pa chakudya chathu chalero.